Chiwaya, sangweji ndi lesitilanti: tikukangana za chiyani kwenikweni?

Basi ikangoima pa Lizulu, mawindo onse amadzaza manja. Uyu wakweza beseni la tomato, uyo mulu wa karoti, wina kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, ndipo mnyamata wa zibwente wakufikitsira mbale pamphuno penipeni. Tsiku lina ndikuchokera ku Ntcheu kubwerera kwathu ku Dedza, mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anamasula mfundo ya chitenje n'kugula zibwente zitatu zothira tsabola. Bambo wina wa jekete amene anakhala kumbuyo kwathu sanapirire.

"Mayi, mvula yayambayi. Mukufuna mukatsikire kuchipatala?"

Mayiwo sanacheuke n'komwe. "Bambo, ine ndakulira zomwezi. Inu odya kuhotela, munalowako kukhitchini kwawo?"

Mpando wa mbali inayo panali mtsikana amene anakwerera ku Blantyre m'mawa. Iye anatulutsa sangweji ya nkhuku yokulunga bwino m'kapulasitiki, n'kumadya mwakachetechete, ndipo panalibe amene anamunena. Tinafika pa Bembeke mayi ndi bambo aja asanamvane.

Mkangano umenewu umabweranso chaka ndi chaka. Dzinja likayamba timamva pa wailesi kuti khonsolo yakutiyakuti yaletsa zakudya zophikaphika, pomwe malesitilanti ali chitsegulire. Ena amati uku n'kupondereza amphawi, ena amati n'kupulumutsa miyoyo, ndipo ambirife timangosokonezeka: choletsedwacho n'chiti, nanga choopsacho chagona pati? Anthu atatu a m'basi aja aliyense anali ndi mfundo yoona m'manja, koma amalankhula zinthu zosiyana pogwiritsa ntchito mawu amodzi. Tiyeni tiwatenge mawuwo limodzilimodzi.

Chakudya cha m'mbali mwa msewu

Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linakhazikitsa tanthauzo lake pa msonkhano wa ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia mu 1986. Mwachidule, ndi chakudya kapena chakumwa chimene chakonzedwa kale, chogulitsidwa m'misewu ndi m'malo ena opezeka anthu ambiri, choti wogula angodya pomwepo osachiphikanso. Tomato wa pa Lizulu sali m'gulu limeneli, chifukwa akafika kunyumba aona moto. Koma zibwente, zigege, zitumbuwa, mandasi, chimanga chootcha, dzira lowiritsa, kanyenya, thobwa la m'botolo ndi mbewa za pampani zonse zili momwemo. Chozigwirizanitsa n'chakuti zikachoka m'manja mwa wogulitsa zimalunjika m'kamwa. Si nkhani ya Amalawi okha: FAO yomweyo inawerengera mu 2007 kuti anthu pafupifupi 2.5 biliyoni pa dziko lapansi amadya chakudya chotere tsiku lililonse.

Kwathu kuno, kholo la chakudya chimenechi ndi kamba. Munthu akamanyamuka ulendo wautali, kaya wa ku Halale kapena wa ku Joni nthawi ya Wenela, amayi ake kapena mkazi wake amamukonzera mbatata yootcha, chimanga chokazinga, mtedza, chigumu, n'kumumangira pakansalu. Kamba amaphika munthu wokudziwa, amene ukadwala m'mimba nayenso sagona tulo. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, msewu wodutsa ku Ntcheu ndi ku Dedza unasanduka msana wa dziko lonse, ndipo malo oimapo magalimoto anakula kukhala misika. Malonda a m'misewu anachuluka kwambiri utabwera ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, mpaka boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda mu 2006 pa ntchito imene inatchedwa Dongosolo. Ambiri anabwereramo patapita nthawi, chifukwa wogula ali mumsewu momwemo.

Choncho chakudya cha pamsewu ndi kamba wophika mlendo. Apa m'pamene kukayikira konse kumayambira. Akuluakulu ena sanachilandirebe pa chifukwa china chimene sichikhudza matenda n'komwe: kudya ukuyenda, kapena kudya poyera anthu akukuona iwe osawauza kuti "tidye nawo", kunkaoneka ngati umbombo ndi kusaleredwa bwino. Mukamva agogo akunyoza zodya panjira, mwina si kolera imene ali nayo m'maganizo.

Chiwaya

Poyamba chiwaya chinali chokazingira chimanga ndi mtedza pakhomo. Lero dzinali likutanthauza malo onse: chitsulo chachikulu chosula, chokhala ndi dzenje pakati pomwe mafuta amasonkhana, chokhazikidwa pa ng'anjo ya njerwa, nkhuni zikuyaka pansi. Tchipisi chikapsa, mwini wake amachikokera m'mphepete mwa chitsulocho kuti mafuta atsikire m'dzenje muja. Wogula amatchula ndalama imene ali nayo, wa chiwaya amamudulira gawo lake ndi chipande, n'kumukankhira pakona yake. Mchere uli apo, tsabola ali apo, saladi wa kabichi ndi tomato ali m'kabeseni. Pambali pamakhala nyama ya mbuzi, chiwindi, nthumbwana, kwina nkhumba. Mumadya chiimirire, phewa ndi phewa ndi wa kabaza, mphunzitsi ndi kondakitala, ndipo kuno ku Dedza mwezi wa Juni chifunga chikatsika, anthu ena amabwera pachiwaya kudzaotha moto kaye asanaganize zogula.

Mbatata ya kachewere imene tikukazingayi kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia. Inapita ku Ulaya ndi anthu a ku Spain zaka za m'ma 1500, ndipo kuno inafika ndi azungu. Imakonda malo okwera ndi ozizira, n'chifukwa chake inakhazikika kwathu: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Bembeke, Lizulu, Tsangano ndi Angonia kutsidya kwa malire ndi dziko la kachewere. Aliyense wodutsa pa mphambano ya Tsangano anawaonapo matumba aja osokerera pamwamba, otalika kuposa mwana wa sitandade 5, akudikira malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: tchipisi cha pachiwaya ndi tchipisi cha m'mbale yoyera ya mumzinda kawirikawiri chimachokera m'minda yomweyo. Kusiyana kumayambira pa mpeni, madzi ndi mafuta.

Nkhani ya mafuta ndi imene anthu amaisokoneza kwambiri. Mafuta okazingira tchipisi amatentha kufika madigiri 170 kapena kuposa, pomwe madzi amawira pa madigiri 100. Palibe kachilombo ka kolera kapena ka taifodi kamene kangapulumuke m'dzenje lija. Vuto la mafuta lili kwina. Akatenthedwa lero, mawa, mkuja, amasintha: amada, amanata, amachita thovu, amafuka msanga, ndipo mumapangika zinthu zimene thupi silikondwera nazo. Zimenezi sizikutsegula m'mimba usiku womwewo. Zimagwira ntchito pang'onopang'ono mwa munthu amene amadya pomwepo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Zili ngati madzi ochapira: ulendo woyamba amayeretsa, wachitatu amangobwezera litsiro pa chovala.

Nanga bwanji sawataya? Funsani wa chiwaya aliyense, akuuzani kuti mpamba wake waukulu uli m'chigubu cha mafuta. Mtengo wa mafuta ophikira unakwera koopsa mu 2021 ndi 2022, kenako kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akati asinthe mafuta tsiku lililonse, ndiye kuti achepetse gawo kapena akweze mtengo, ndipo wogula asamukira pachiwaya chinacho. Ambiri amangothiramo atsopano pamwamba pa akale. Ichi si chizolowezi cha pamsewu pokha, makhitchini ena a malesitilanti amachitanso chimodzimodzi, kungoti kumeneko sitiona.

Palinso mphekesera ya mafuta a m'matransifoma a magetsi. N'zoona kuti ESCOM yakhala ikudandaula za akuba okhetsa mafuta amenewa, ndipo n'zoona kuti mafutawo si chakudya: ndi ochokera pansi monga dizilo, ndipo a m'matransifoma akale amatha kukhala ndi mankhwala a poizoni. Koma mphekesera si umboni wakuti mnyamata wa pamsika wanu amachita zimenezo. Ambiri amagula mafuta awo poyera, kwa ogulitsa omwewo amene ife timagulako.

Zophikaphika, ndi chifukwa chake zimaletsedwa

Mawu akuti zophikaphika, monga amamvekera m'zilengezo za makhonsolo, amanena za chakudya chophika kale chimene chikudikira wogula: mpunga wa m'ndowa, nsima ndi ndiwo za m'mapoto, zibwente, mang'ina, thobwa, ndi zina zotero zogulitsidwa m'misika, m'madepoti ndi pazipata za sukulu. Anthu ambiri anawamva mwamphamvu mawuwa pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya mphepo zamkuntho zotchedwa Ana ndi Gombe. Mliriwo unafalikira m'maboma onse, boma linalengeza mu Disembala 2022 kuti zafika pa ngozi, ndipo pofika mu 2023 anthu oposa 50,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Sitinaonepo mliri wa kolera wopha anthu chotero m'mbiri ya dziko lino. Aliyense wonena za chiletso ayambe wakumbuka maliro amenewo.

Kachilombo ka kolera kamatuluka m'chimbudzi cha munthu wodwala, n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'manja, m'ziwiya, ngakhale pa miyendo ya ntchentche. Dokotala wina wa ku London, John Snow, ndiye anaonetsa mu 1854 kuti odwala ambiri m'dera lina ankatunga pa mjigo umodzi. Kachilomboka kamafa ndi moto. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati chakudya chiphikidwe mpaka chipse bwino, chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira kuchepera madigiri 5, ndipo chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Pakati pa malire awiriwa, pamene chakudya chili chofunda, ndi pamene tizilombo timaswana, ndipo tina timatha kuwirikiza chiwerengero chake pa mphindi 20 zokha.

Amayi athu ankadziwa zimenezi asanamve za madigiri. Nyemba zikatsala madzulo amaziwiritsanso asanagone, ndipo m'mawa amazibwezanso pamoto zisanafike pa mkute. Nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana n'kwakuti nyemba zikasasa mphuno imakuuza, pomwe chakudya chokhala ndi kolera kapena taifodi chimanunkhira bwinobwino ndipo chimakoma monga mwa masiku onse.

Tsopano bwererani pachiwaya paja ndi maso amenewa. Tchipisi chongotuluka m'mafuta, chimene chikukuotcha zala, ndi chimodzi mwa zakudya zosaopsa kwenikweni pamsika ponse. Choyang'anitsitsa ndi saladi uja: kabichi anadulidwa m'mawa, tomato anatsukidwa m'ndowa imene yatsukanso mbatata ndi mipeni, ndipo saladiyo saona moto. Yang'anani kabeseni kosambiramo m'manja kamene mwasambamo anthu khumi. Yang'anani kansalu kopukutira chitsulo, ndi dzanja limene lalandira ndalama n'kubwerera pa nyama. Kanyenya wootcha uku ukuona ndi wosiyana ndi amene anapsa m'mawa n'kumangofunditsidwa m'mphepete. Nkhumba ili ndi nkhani yakeyake: ikakhala ndi timatuza toyera ngati mpunga m'mnofu, n'kuidya yosapsetsa, imapereka njoka za m'mimba, ndipo mazira a njokazo akalowa mwa munthu kudzera m'manja kapena m'madzi akuda amatha kufika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Za zibwente za mayi a m'basi aja, funso loyenera silinali lakuti agula pawindo kapena ayi. Linali lakuti zinaphikidwa nthawi yanji, ndipo msuzi wake unapangidwa ndi madzi otani.

Ena amati kuno ku Dedza n'kozizira, chakudya sichionongeka. Kuzizira kumachedwetsa tizilombo, inde, koma chisanu cha Dedza masana si furiji, ndipo kolera imakonda dzinja, pamene kwafunda ndipo madzi a mvula akukokolola za kutchire kupita m'zitsime.

Nanga n'chifukwa chiyani chiletso chimagwera wa ndowa ya mpunga n'kusiya lesitilanti? Oikira kumbuyo chiletsocho amati lesitilanti ili ndi mpopi, chimbudzi, chiphaso ndi malo odziwika, moti wa zaumoyo angathe kuiyendera, kuichenjeza, ngakhale kuitseka, pomwe wogulitsa woyendayenda lero ali pa Kampepuza, mawa ali pa Lizulu. Mliri ukabuka palibe nthawi yosankha waukhondo ndi wauve mmodzimmodzi. Otsutsa amati chiletso chotere chimalanga mayi wosamala pamodzi ndi wosasamala, chimamulanda chakudya cha ana ake m'miyezi ya njala yeniyeni, Januwale ndi Febuluwale, ndipo malondawo satha, amangobisala kuseri kwa magolosale komwe kulibe n'komwe madzi. Zonse ziwiri zimachitikadi.

Sangweji

Sangweji ndi buledi wong'amba kapena magawo awiri a buledi, pakati pali ndiwo. Dzinali linachokera kwa nduna ina ya ku England, John Montagu, amene udindo wake unali Earl of Sandwich wachinayi, ndipo anakhala ndi moyo kuyambira 1718 mpaka 1792. Nkhani imati ankaitanitsa nyama yoika pakati pa buledi kuti adye osachoka patebulo. Ena amati linali tebulo la njuga, ena amati la ntchito. Dzinali limapezeka litalembedwa kale mu 1762. Kunena mwachidule, ndi kamba wa azungu, chakudya cha munthu amene alibe nthawi yosamba m'manja n'kukhala pansi.

Ife takhala tikuidya osaitchula dzina. Lowani m'tiyirumu pa Dedza m'mawa muone sikono yong'amba pakati, mwalowa dzira lokazinga kapena majarini. Nyengo ya mapeyala ana amapaka peyala, ena chiponde, ndipo anyamata a sekondale amatenga banzi lalikulu lija amati obama n'kulidzaza tchipisi. Mukaoloka malire kupita ku Ulongwe mupeza buledi wa Apwitikizi, pão, wolimba kunja ndi wofewa m'kati, amene anzathu a ku Mozambique amaikamo nyama kapena dzira. Ku South Africa kuli kota, ku Uganda kuli rolex, chapati chokulungamo mazira. Dziko lililonse linapeza njira yake.

Chimene chimailepheretsa sangweji kukhala chakudya chenicheni kwathu n'chodziwika: Mmalawi akadya buledi masana, madzulo amati sanadye. Palinso mtengo. Ku Tsangano amalima tirigu, koma ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene dziko limafuna, moti pafupifupi ufa wonse wa buledi umachokera kunja. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tinaimvera pa mtengo wa buledi, ndipo kwacha ikagwa buledi amakwera sabata yomweyo.

Koma pa nkhani ya matenda, sangweji ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa momwe anthu amaiganizira. Ndi chakudya chozizira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Nkhuku, dzira, mayonezi, poloni ndi letesi zonse zimagwiridwa ndi manja zitapsa kale, ndipo palibe chobwerera pamoto. Chitetezo chake chonse ndi furiji, m'dziko limene magetsi amathima. Kapulasitiki kowala kaja kamatchinga fumbi ndi ntchentche, koma sikaimitsa nthawi. Sangweji ya mtsikana wa m'basi uja inali itayenda maola angapo m'chikwama, m'basi yofunda, ndipo inali itadutsa kale malire a maola awiri aja. Ngakhale za m'fakitale zili ndi mbiri yake: mu 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira ndi matenda a listeriosis ochokera mu poloni wa m'mapaketi, mpaka mayiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, analetsa nyama zoterozo kulowa. Kachilombo kameneko kamaswana ngakhale m'furiji.

Sindikunena kuti sangweji ndi yoipa. Yopangidwa pomwepo iwe ukuona, dzira likuchoka pamoto kulowa m'sikono, ilibe mlandu.

Lesitilanti

Malo odyera alendo akhalapo kuyambira kale m'mayiko ambiri, koma lesitilanti monga tikuidziwa lero inayambira ku Paris zaka za m'ma 1760. Liwulo poyamba linkatanthauza msuzi wa nyama wobwezera mphamvu m'thupi, kenako linasanduka dzina la nyumba zogulitsa msuziwo. Chachilendo chinali chakuti munthu amakhala patebulo lakelake, nthawi imene wafuna, n'kusankha pa mndandanda wolembedwa mitengo, m'malo modya chilichonse chimene mwini nyumba waphika tsikulo.

Kwathu dzina limodzili likuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Pali chiimirire cha mumsika, pali memo ya amisiri ndi aganyu, pali lesitilanti ya pa boma ya matebulo anayi ndi nsalu ya pakhomo, kumene mtsikana amakufunsa kuti, "Bambo, ya nkhuku kapena ya ng'ombe?" Pali malo ngati Dedza Pottery kumene alendo odzaona dziko amaima kumwa khofi ndi keke. Ndiye pali malesitilanti a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene mbale imodzi ingathe kudya ndalama imene banja la kumudzi limagulira ndiwo sabata yathunthu.

Kodi ndalama imeneyo imagula chiyani? Gawo la chakudya chenichenicho ndi laling'ono. Yambiri imapita ku lendi, magetsi, jenereta, malipiro a ophika ndi operekera zakudya, ziphaso, ndiponso msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali 16.5 peresenti ndipo wa chiwaya salipiritsa. Mukugula mpando, mthunzi, chimbudzi, bata loti mukambirane nkhani, ndi ulemu. Zili ngati minibasi ndi galimoto ya hayala: zonse zikufikitsani ku Lilongwe, koma simungatengere apongozi pachiwaya. Ndipo tisaiwale kuti pachiwaya si pa aliyense. Amayi ambiri sangaime pamenepo kudya pakati pa amuna, amagula n'kuikiridwa m'kajumbo. Majumbo opyapyala amenewo, ochepera ma micron 60, boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma milandu inapitirira ndipo tchipisi chotentha chikuikidwabe momwemo.

Odandaula za malesitilanti a mumzinda amanena za nsima yochepa ngati ya mwana, nkhuku yachizungu yosakoma ngati ya lokolo, ndi kudikira nthawi yaitali. Owakonda amanena za ukhondo. Apa m'pamene funso la mayi a m'basi aja lili ndi mano. Pachiwaya khitchini yonse ili pamaso pako. Mu lesitilanti ili kuseri kwa khoma. Ine ndinalowapo kuseri kwa lesitilanti ina yooneka bwino ndithu, ndikufunafuna posamba m'manja tsiku limene madzi anasiya, ndipo ndinapeza mbale zonse zikutsukidwa m'beseni limodzi la madzi otuwa, nyama yaiwisi ili pathabwa lomwelo ndi kabichi wa saladi. Zinandipweteka mtima, chifukwa kutsogolo kunali mabanja ndi ana awo akudya mokhulupirira. Ndinaonanso malesitilanti ena aang'ono kumene mayi mwini wake amathira mankhwala m'madzi, ali ndi ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo, ndipo ndiwo zili pamoto mpaka wodya womaliza. Chakudya cha bufe, choyalidwa kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko pa kamoto kozilala, nachonso n'chophikaphika, ngakhale palibe amene amachitchula choncho.

Woyang'anira ndani?

Lamulo lalikulu la zaumoyo, Public Health Act, ndi la 1948, nthawi ya atsamunda. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zoyendetsa misika, kupereka ziphaso ndi kupanga malamulo a m'dera lawo, ndipo ogwira ntchito za ukhondo ochokera ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndiwo amayendera malo odyera. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, limaona za miyezo ya zinthu monga mafuta ophikira ndi ufa. Wogulitsa mumsika amadula tikiti tsiku lililonse, ndipo funso lake ndi lachidule: ndalama ndikupereka, mpopi uli kuti? Akhonsolo amayankha kuti ndalamayo ndi yochepa, ndipo ambiri amagulitsira kunja kwa msika osalipira kanthu.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba n'lakuti kodi chiletso chiyenera kutsata malo kapena mtundu wa chakudya. Kodi n'zotheka kuti mliri ukabuka, saladi wosaphika ndi thobwa losadziwika madzi ake ziimitsidwe paliponse, pachiwaya ndi mu lesitilanti momwe, koma chokazinga pomwepo chipitirire? Ena amati lamulo lotere n'lachilungamo. Ena amati n'lovuta kulilondola ndi antchito ochepa amene makhonsolo ali nawo, ndipo lamulo losavuta kumva ndilo limapulumutsa anthu pa nthawi ya ngozi.

Lina ndi la madzi. Dziko la Singapore linasamutsa ogulitsa zakudya m'misewu zaka za m'ma 1970 ndi 1980 n'kuwamangira malo okhala ndi mipopi ndi ngalande, ndipo mu 2020 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira malo amenewo ngati chuma cha chikhalidwe. Koma wogula wa ku Singapore amayenda wapansi kupita kumaloko, pomwe wathu ali pawindo la basi imene iima mphindi zitatu. Mukamumangira mnyamata wa zibwente shedi yabwino mamita 200 kuchokera pamsewu, kodi akhalamo? Nanga ndalama yomangira ndi yolipirira madziwo ichokera pa tikiti, kwa khonsolo, kapena ku boma lalikulu?

Za mafuta, palibe amene wapeza njira yoti wa chiwaya asinthe mafuta pafupipafupi popanda tchipisi kukwera mtengo mpaka wa kabaza kulephera kugula. Za nkhuni nazonso zili chiimire: ng'anjo iliyonse imadya mitengo tsiku ndi tsiku, ndipo mapiri a Dedza, Chongoni ndi Mvai tikuwaona tokha momwe akuyerera. Gasi ndi magetsi zilipo, koma mtengo wake ndani ausenze?

Ndiye pali Lizulu penipeni, pamene msewu ndiwo malire a mayiko awiri. Khonsolo ya Ntcheu ikaletsa zophikaphika mbali ya kuno, mayi wa mpunga akaoloka phula n'kukakhazika ndowa yake mbali ya Mozambique, wogula n'kumutsatira, lamulo limene likugwira ntchito pa mbale imeneyo ndi la ndani?